Magalimoto a Liwiro Akale Ochokera ku Japan: Kodi Angapirire Misewu ya Chileka ndi Lirangwe?

Aliyense woyenda pa msewu waukulu wochoka ku Blantyre kudzera pa Kameza, Lunzu, Matindi ndi Lirangwe kunka ku Zalewa adziwa kuti pakati pa maminibasi, malole ndi timagalimoto ta Sienta tonyamula anthu pamadutsanso magalimoto a mtundu wina, afupi msinkhu, a matayala otambalala, amene kulira kwake kumamveka iwo asanaoneke. Amenewa ndiwo magalimoto a liwiro amene anapangidwa ku Japan zaka 15, 20 kapena 25 zapitazo. Ooneka kawirikawiri ndi Toyota Altezza, Toyota Mark X ndi ma Subaru, amene ali ndi zitseko zinayi monga galimoto ya banja koma injini zake nzaukali. Ndipo mwa apo ndi apo pamaoneka Toyota Celica, Mazda RX-8 kapena Nissan Fairlady Z, amene anapangidwira liwiro lokhalokha.

Magalimoto otere amakopa mtima wa kalaliki wa Boma ndi mphunzitsi wachinyamata pa zifukwa ziwiri. Choyamba, maonekedwe ake ndi aulemu, ndipo munthu wotsika m'menemo pa bwalo la sukulu amaoneka ngati wapeza bwino. Chachiwiri, ena a iwo amagulitsidwa motchipa modabwitsa, makamaka akakhala kuti adutsa kale m'manja mwa eni awiri kapena atatu m'dziko muno. Koma munthu wolandira malipiro a pa mwezi sagula galimoto ndi ndalama za m'thumba. Amatenga ngongole ku banki kapena ku SACCO, nadulidwa malipiro kwa zaka zitatu kapena zinayi. Ngati galimotoyo ifa ngongole isanathe, banja limakhala likulipira chitsulo chogona pa miyala kuseri kwa nyumba. Chifukwa chake funso lakuti magalimoto amenewa amakhalitsa motani liyenera kuyankhidwa mofatsa, pakuti likhudza fizi ya ana ndi feteleza wa kumunda.

CHIFUKWA CHAKE ENI AKE AMAWATAYA

Anthu ambiri amadabwa kuti munthu wa ku Japan angataye bwanji galimoto yooneka yatsopano chotere. Yankho lili m'malamulo a dzikolo. Galimoto ya munthu wamba ku Japan imapimidwa ndi Boma ikatha zaka zitatu, ndipo kuyambira pamenepo imapimidwa zaka ziwiri zilizonse. Kupima kumeneku, kumene eni ake amakutcha shaken, kumadza pamodzi ndi msonkho wa kulemera kwa galimoto, inshuwaransi yokakamiza ndiponso mtengo wokonzera chilichonse chopezeka chofooka. Kuwonjezera apo, galimoto ya petulo ikapitirira zaka 13 msonkho wake wa pa chaka umakwera. Tsono mwini wake amaona kuti nkwapafupi kuigulitsa pa okushoni ndi kugula ina kusiyana ndi kuisunga.

Magalimoto a pa okushoni amenewa ndiwo amadzaza zombo zopita ku maiko ena. Lipoti la nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe la m'chaka cha 2020 linaonetsa kuti pakati pa 2015 ndi 2018 maiko a ku Ulaya, America ndi Japan anatumiza kunja magalimoto ang'onoang'ono ogwirapo ntchito okwana 14 miliyoni, ndipo Africa ndiye analandira gawo lalikulu koposa. Malawi amagula kwambiri ku Japan chifukwa maiko onse awiri amayendetsa kumanzere kwa msewu, ndipo chiwongolero chili kudzanja lamanja.

Galimoto yofika ku Blantyre kudzera pa doko la Dar es Salaam imayamba yayenda makilomita opitirira 1,800, kudutsa Mbeya, kulowa pa chipata cha Songwe, kukwera mapiri a Chiweta, kudzera Mzuzu, Lilongwe ndi Zalewa, ndipo pa Lirangwe imadutsa isanaone ndi komwe mwini wake. Ulendo umenewu ndiwo mayeso ake oyamba. Galimoto imene inakhala miyezi pa bwalo la okushoni ndi m'chombo imathamangitsidwa masiku awiri kapena atatu ndi oyilo wakale, madzi akale ndi matayala ouma. Zofooka zina zimene mwini amadzaziona pambuyo pake zimayambira pa ulendo umenewu.

MBIRI YABWINO SINABWERE MWANGOZI

Kunena zoona, kutchuka kwa magalimoto a ku Japan pa za kulimba kuli ndi maziko, ndipo mbali ina ya mbiriyo inalembedwa pa nthaka ya Africa. Mpikisano wa East African Safari unali woopsa kwa magalimoto chifukwa cha fumbi, matope ndi miyala. M'chaka cha 1970 unapambanidwa ndi Datsun 1600 SSS, m'chaka cha 1971 ndi Datsun 240Z yoyendetsedwa ndi Edgar Herrmann, ndipo m'chaka cha 1973 Shekhar Mehta anapambananso ndi 240Z. Toyota Celica inapambana mpikisano womwewo zaka zitatu zotsatizana, 1984, 1985 ndi 1986. Pa mipikisano ya dziko lonse Colin McRae anatenga chikho mu 1995 ndi Subaru Impreza, ndipo Tommi Mäkinen anachitenga kanayi kuyambira 1996 kufikira 1999 ndi Mitsubishi Lancer Evolution.

Panalinso chifukwa china. Kuyambira 1989 kufikira 2004 makampani a ku Japan anagwirizana kuti sadzalengeza mphamvu yoposa akavalo 280 pa galimoto yogulitsidwa m'dziko mwao. Injini zina, monga 2JZ ya Toyota Supra ndi RB26 ya Nissan Skyline GT-R, zinaumbidwa ndi chitsulo chochindikala chokhoza kupirira mphamvu yochuluka kuposa imene zinatuluka nayo m'fakitale. Injini yogwira ntchito yochepera pa mphamvu yake imakhalitsa, monga ng'ombe yaikulu yokoka ngolo yopepuka.

Komatu owerenga ayenera kusiyanitsa. Galimoto imene inapambana Safari inali yokwezedwa m'mwamba, yotchingidwa ndi zitsulo kunsi, ndipo inali ndi gulu la amakaniko oiyembekezera pa malo aliwonse opumira. Yogulidwa pa okushoni ili ndi dzina lomwelo, koma inapangidwira misewu yosalala ya Tokyo ndi Osaka. Mbiri ya dzina siikweza galimoto ngakhale ndi sentimita imodzi.

SI ONSE ALI OFANANA

Magalimoto amenewa angagawidwe m'magulu atatu, ndipo wogula wosadziwa gulu la galimoto yake ali ngati munthu wogula mbewu osafunsa kuti imacha miyezi ingati.

Gulu loyamba ndi la injini zopanda turbo. M'menemo muli Altezza, imene inapangidwa kuyambira 1998 kufikira 2005, Celica imene inalekeka mu 2006, Mark X ya 2004 kufikira 2019, Honda S2000 ya 1999 kufikira 2009, ndi Mazda Roadster imene inayamba mu 1989 ndipo mu 2016 chiwerengero chake chinakwana miliyoni imodzi. Injini za gulu limeneli, zikamwetsedwa oyilo wabwino pa nthawi yake ndi kusatenthedwa, zimapyola makilomita 250,000 popanda kutsegulidwa. Ngakhale m'gulu lomweli muli kusiyana. Altezza ya AS200 ili ndi injini yofatsa ya masilinda asanu ndi limodzi, pamene ya RS200 ili ndi injini ya masilinda anayi imene Toyota inapanga mothandizana ndi Yamaha, yokonda kuzungulira mwaukali ndi yosalekerera oyilo wachabechabe. Mark X nayo imapopera petulo molunjika m'kati mwa silinda, njira imene imafuna mafuta oyera ndipo imaunjika mwaye pa mavavu pakapita zaka.

Gulu lachiwiri ndi la injini za turbo, monga Subaru Impreza WRX, Legacy B4 ndi Lancer Evolution. Turbo ndi kachipangizo kozunguzidwa ndi utsi wotentha wa injini, kamene kamakankhira mpweya wochuluka m'masilinda. Kamazungulira koposa ka 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo chimene chimakateteza kwambiri ndi oyilo. Oyilo akada kapena akachepa, turbo imafa msanga, ndipo kawirikawiri tizidutswa take timawononganso injini. Magalimoto a gulu limeneli angakhalitse, koma sakhululukira mwini wochedwa kuwasamala.

Gulu lachitatu ndi la injini ya Mazda yopanda mapisitoni, imene ili mu RX-7 ndi mu RX-8 ya 2003 kufikira 2012. M'kati mwake muli chitsulo cha nsonga zitatu chozungulira m'chipinda, ndipo pa nsonga iliyonse pali kachitsulo kotseka mpweya. Injini imeneyi imawotcha oyilo mwadala, chifukwa ndimo inapangidwira, kotero mwini wake ayenera kumapima oyilo pafupipafupi. Tizitsulo ta pa nsongati tikaperepeseka galimoto imavuta kulira ikatentha, ndipo mankhwala ake ndi kuphwasula injini yonse. Zimenezi zimachitika pa makilomita ochepa kusiyana ndi injini wamba, ndipo amakaniko oidziwa ntchitoyi ndi osowa. Ichi ndicho chifukwa chake RX-8 imagulitsidwa motchipa ngakhale ili yokongola. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

MAKILOMITA NDI ZAKA

Ogula ambiri amayang'ana wotchi ya makilomita, nakhulupirira kuti nambala yaing'ono ndiyo umboni wa moyo wautali. Pali zolakwika ziwiri pa maganizo amenewa.

Choyamba, nambala ya pa wotchi ingabwezedwe m'mbuyo ndi ogulitsa osakhulupirika. Chitetezo cha wogula chili m'mapepala. Chikalata chotulutsira galimoto m'dziko la Japan chimaonetsa makilomita amene analembedwa pa kupima kwa Boma kwapitako, ndipo pepala la pa okushoni limafotokoza giredi ya galimoto, ngozi zimene inachitapo ndi malo a dzimbiri. Galimoto imene inalembedwa makilomita 140,000 pa kupima kwake komaliza siingafike ku Songwe ndi 78,000. Nkoyeneranso kufunsa chigawo chimene inachokera, pakuti m'zigawo za chipale monga Hokkaido ndi Niigata amathira mchere pa misewu, ndipo mcherewo umadya galimoto kunsi kumene maso a wogula safika.

Chachiwiri, zaka zimawononga zinthu zimene makilomita sazikhudza. Mapaipi a labala onyamula madzi ndi petulo amauma nang'ambika. Pulasitiki ya pamwamba pa rediyeta imafumbutuka. Malabala a m'miyendo ya galimoto amasweka, mawaya amauma, ndipo zotsekera oyilo zimayamba kudontha. Galimoto ya 2001 imene yayenda makilomita 70,000 okha ingavute koposa ya makilomita 200,000 imene mwini wake ankaisamala ndi kusunga malisiti.

Chinthu chimodzi chiyenera kutchulidwa pachokha, ndicho lamba wa m'kati mwa injini wogwirizanitsa kuyenda kwa mapisitoni ndi mavavu. Ku Japan lamba ameneyu amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo eni ambiri amagulitsa galimoto itangotsala pang'ono kufika pamenepo kuti ndalamayo akalipire wina. Mu injini zaukali za Subaru ndi Mitsubishi lambayu akaduka galimoto ili pa liwiro, mapisitoni amagunda mavavu, ndipo ntchito imene ikanatha ndi lamba mmodzi imasanduka yogula injini. Wogula wanzeru amawerengera mtengo wa lamba, pampu ya madzi ndi mapaipi pamodzi ndi mtengo wa galimoto, nazisintha asanayambe maulendo.

CHIMENE MISEWU YA KUNO IMAFUNA

Chileka ndi Lirangwe ali m'munsi poyerekeza ndi mzinda wa Blantyre, pa nthaka yotsetserekera ku mtsinje wa Shire, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kwake nkwakukulu. Kutentha ndiye mdani woyamba wa injini yakale. Rediyeta yotsekeka ndi dothi, fani yofooka kapena paipi yong'ambika zimakwanira kuwiritsa madzi pa chitunda chimodzi, ndipo injini ya mutu wa aluminiyamu ikawira kamodzi kokha mutuwo ungapindike ndi kupsereza gasiketi. Chizolowezi chothira madzi a pa mjigo m'rediyeta m'malo mwa mankhwala ake chimadzetsa dzimbiri m'kati, ndipo chizolowezi china chochotsa thermostat chimangobisa matenda osawachiza.

Mdani wachiwiri ndi kufupika. Magalimoto a liwiro amatalikira ndi nthaka pafupifupi masentimita 13, pamene magalimoto opangidwira misewu ya kumudzi amafika masentimita 19 kapena 20 ndi kupitirira. Pa phula la msewu wa ku bwalo la ndege la Chileka kapena pa msewu waukulu wa ku Zalewa kusiyana kumeneku sikuoneka, kupatula pa zitunda zochepetsera liwiro za m'malo a malonda. Koma sukulu zambiri ndi zipatala zazing'ono za kwa Kuntaja, Kunthembwe, Kapeni ndi Lundu sizili pa phula. Msewu wochoka pa Lirangwe kunka ku Chingale ndi Machinga unakhala wafumbi kwa zaka zambiri, ndipo misewu ing'onoing'ono yopatuka kunka ku midzi imakumbika chaka chilichonse ndi mvula. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa mmene madzi angawonongere misewu ndi milatho ya m'chigawo cha kummwera m'masiku owerengeka. Mwala umodzi wotumphuka pakati pa msewu ungaboole beseni la oyilo la kunsi kwa injini, ndipo dalaivala wosaona nyale yofiira amapha injini m'mphindi zochepa.

Matayala nawo ali ndi mlandu wake. Matayala a magalimoto a liwiro ndi opyapyala m'mbali, kotero dzenje limene Corolla imalidutsa ndi kugwedezeka kokha lingang'ambe tayala ndi kupinda limu. Matayala a saizi imeneyo ndi okwera mtengo, ndipo sapezeka pa malo a malonda a kumudzi. Mdani wachitatu ndi fumbi. Achinyamata ena amachotsa sefa ya mpweya ya kufakitale naikapo yotseguka kuti injini izilira mokweza, osadziwa kuti m'nyengo ya chilimwe akuidyetsa mchenga.

ZA MAFUTA

Ambiri a magalimoto amenewa anapangidwira petulo wapamwamba amene ku Japan amagulitsidwa pa pampu yakeyake, wosaphulika msanga akapanikizidwa. Injini ikapatsidwa petulo wochepera pamenepo, kompyuta yake imachepetsa mphamvu kuti idziteteze. Koma injini ya turbo ikakakamizidwa kukwera chitunda dzuwa lili paliwombo, itanyamula anthu asanu ndi matumba a chimanga, chitetezocho chingapereŵere ndipo mapisitoni amawonongeka.

Dziko lino linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe m'chaka cha 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, ndipo ina inatsegulidwa ku Chikwawa mu 2004. Nzeru imeneyi imapulumutsa ndalama zakunja, ndiponso ethanol amathandiza petulo kusaphulika msanga. Koma ethanol amakoka chinyezi galimoto ikakhala nthawi yaitali osayenda, ndipo amafulumiza kutha kwa mapaipi a labala amene akalamba kale. Choopsa chachikulu ndi mafuta a m'zigubu. M'nyengo za kusowa kwa mafuta, monga zinachitikira mu 2022 ndi mu 2024, oyendetsa ambiri anagula petulo m'mbali mwa msewu, amene kuyera kwake palibe angakuchitire umboni. Galimoto wamba ingatsokomole ndi kupitirira, koma ya injini yosankha ingafere pomwepo.

Kuchuluka kwa mafuta kungaŵerengedwe ndi aliyense. Tiyerekeze munthu woyenda makilomita 60 pa tsiku, kupita ndi kubwera, masiku 22 pa mwezi. Ameneyo amayenda makilomita 1,320. Galimoto yoyenda makilomita 9 pa lita idzamwa malita 147, pamene yoyenda makilomita 16 pa lita idzamwa malita 83. Kusiyana kwake ndi malita 64 mwezi uliwonse, kapena malita opitirira 760 pa chaka. Munthu yemweyo pa chaka amayenda makilomita oposa 15,000, kutanthauza kuti ayenera kusintha oyilo katatu ngati atsata muyeso wa makilomita 5,000 woyenera misewu yafumbi. Owerenga achulukitse malitawo ndi mtengo wa pa pampu, nayerekeze ndi malipiro a giredi yawo.

ZIPANGIZO NDI NDALAMA ZAKUNJA

Chimene chimagoneka magalimoto ambiri pa miyala si kufa kwa injini koma kusowa kwa kachipangizo kamodzi. Mwini Corolla, Vitz kapena Sienta amapeza chimene akufuna tsiku lomwelo ku Limbe kapena ku Ndirande, chatsopano kapena chochotsedwa pa galimoto ina, pakuti magalimoto amenewo ndi ochuluka. Mwini RX-8 kapena Fairlady ayenera kuitanitsa ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku Japan komweko, nadikira masabata, nalipira ndi ndalama zakunja. Altezza ndi Mark X ali pakati, chifukwa alipo ambiri ndithu ndipo zina mwa zipangizo zawo zimafanana ndi za ma Toyota ena.

Apa ndi pamene nkhani ya galimoto ikumana ndi chuma cha dziko. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Chipangizo chilichonse cha galimoto chimachokera kunja, kotero mtengo wake unakwera motsatira, pamene malipiro a ogwira ntchito sakwera pa liwiro lomwelo. Munthu amene anagula galimoto mu 2021 ataŵerengera bwino ndalama zoisamalira anapezeka mu 2024 akulephera kugula oyilo woyenera. Zikatero mwini amayamba kuchedwetsa sevisi, kugula zipangizo zachinyengo ndi kumanga ndi waya, ndipo galimoto imene ikanakhala zaka khumi imatha m'zaka ziwiri.

Palinso chinthu china chimene chasintha msika. Lamulo la ku America la m'chaka cha 1988 limalola galimoto yosapangidwira dzikolo kulowa ikakwanitsa zaka 25. Chotero Skyline GT-R ya 1989 inayamba kuloledwa mu 2014, ndipo ya 1999 inayamba kuloledwa mu 2024. Ogula a ndalama zambiri a ku America, Australia ndi Britain akhala akulimbirana magalimoto abwino a mtundu umenewu, ndipo mitengo ya Supra, Skyline ndi RX-7 inakwera koposa. Phunziro lake nlakuti galimoto ya liwiro yosamalidwa bwino siitsika mtengo pa okushoni. Ikapezeka yotchipa kwambiri, pali chifukwa chimene odziwa anailambalalira.

MBALI YA MALAMULO

Maiko ena oyandikana nawo anasankha kutseka chitseko. Kenya salola galimoto yopitirira zaka zisanu ndi zitatu, Uganda anaika malire a zaka 15 mu 2018, ndipo Zimbabwe mu 2021 analetsa magalimoto ambiri opitirira zaka khumi. Malawi anatsata njira ya msonkho, imene imayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, kuti munthu wa ndalama zochepa asatsekeredwe kunja koma aganize kawiri. Wogula ayenera kufunsa ku Malawi Revenue Authority kuchuluka kwa msonkho asanatumize ndalama ku Japan, pakuti alipo amene anazindikirira pa Songwe kuti ndalama zotsala m'thumba sizikwanira kuombola galimoto.

Galimoto ikalowa, lamulo lifuna kuti ilembetsedwe ku nthambi ya Road Traffic, ikhale ndi inshuwaransi, ndiponso ipimidwe kuti ilandire chiphaso cha COF. Kupima kumeneku kusaonedwe ngati chipsinjo. Kwa galimoto ya zaka 20 ndiwo mwayi woti maso ena aone mabuleki, chiwongolero ndi matayala. Magalimoto a ku Japan amatsekedwa kufakitale kuti asapitirire makilomita 180 pa ola, koma palibe msewu m'Malawi umene lamulo limalola liwiro loyandikira pamenepo. Pa Lunzu ndi pa Lirangwe tsiku la msika anthu, njinga za kabaza, mbuzi ndi ana a sukulu amadzaza m'mbali mwa phula. Mphamvu imene wogula walipirira alibe poigwiritsira ntchito mosaphwanya lamulo, ndipo wogwira ntchito m'Boma wopalamula ngozi chifukwa cha liwiro amaika pachiswe moyo wa anthu, ntchito yake ndi dzina la ofesi yake.

Nkhani ya amisiri nayo ili m'manja mwa dziko. Magalimoto a zaka zimenezi amayendetsedwa ndi kompyuta, ndipo matenda ake amapezeka ndi makina owerengera, osati ndi khutu lokha. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, pamodzi ndi makoleji a ntchito zamanja ali ndi udindo wotulutsa amakaniko odziwa za magetsi a galimoto, kuti mwini galimoto wa ku Lirangwe asamakokere galimoto yake ku tauni chifukwa cha kachipangizo ka waya umodzi.

ZOYENERA KULINGALIRA

Poona zonsezi, yankho la funso lija lili pawiri. Injini zambiri za magalimoto amenewa nzolimbadi, ndipo makilomita ochuluka paokha sayenera kuopsa munthu ngati pali umboni wa chisamaliro. Koma moyo wa galimoto umadalira msewu umene iyendamo, mafuta amene imwa, kupezeka kwa zipangizo ndi thumba la mwini wake, ndipo pa zinayi zimenezi galimoto ya liwiro imafuna zambiri kuposa galimoto wamba.

Munthu wokhala pafupi ndi phula, wokhala ndi galimoto ina yogwirira ntchito, wodziwa makaniko wokhulupirika ndiponso wosunga ndalama yapadera ya zokonzakonza, angasunge Altezza kapena Celica zaka zambiri nakondwera nayo. Ameneyo asankhe injini yopanda turbo, imene sinasinthidwesinthidwe ndi eni akale, aone mapepala ake onse, aikweze pa dzenje la galaja kuti aone kunsi, ndipo apimitse mphamvu ya masilinda asanapereke ndalama. Safunsa anadya phula.

Koma mphunzitsi wa sukulu ya kutali ndi phula, amene galimoto imodziyo ndiyo yopitira ku ntchito, yonyamulira wodwala usiku ndi yotutira chimanga m'mwezi wa Meyi, afunika galimoto yotalika kunsi, yosamwa mafuta ambiri, imene zipangizo zake zili pa msika wapafupi. Asanasaine pepala la ngongole alembe pa kope manambala anayi: chodulidwa cha pa mwezi, mafuta a pa mwezi, inshuwaransi ndi COF za pa chaka, ndi mtengo wa matayala anayi a galimoto imene waikondayo. Akachotsa zimenezo pa malipiro ake, chotsalacho ndicho chidzadyetsa banja kufikira ngongole itatha.